Lamba wa Makina Anga

14 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mtima wanga ukuwawa, ndipo amene mwauwawitsa ndinu.

Mukukumbuka tsiku lija ndinakuimbirani foni pochokera kuchipatala? Adokotala atanena kuti kunjenjemera kwa dzanja langa ndi matenda a Parkinson, anandivulitsa nsapato, n'kundiuza kuti nditsinzine, iwo azindikhudza zala za kumapazi ndi kaulusi kolimba. Ine phee, kudikira kuti ayambe, osadziwa kuti anayamba kalekale. Anati mitsempha ya kumapazi yayamba kuwonongeka, ndipo zoterezi zimapezeka mwa ena ngakhale matendawa atangodziwika kumene. Ndinakuuzani ndikulira kuti poyenda ndimakhala ngati ndikuponda thonje. Ndinakupemphani kuti nkhaniyi ithere kwa inu, ndipo munalumbira.

Dzanja silinandiopse, chifukwa ndikagwira nsalu limaleka kunjenjemera. Koma telala wa makina opalasa amasoka ndi mapazi. Ndiye ndinapeza njira yanga: ndimavula nsapato n'kumamvetsera kulira kwa makina, phazi likachedwa khutu limandiuza. Ndasoka choncho madiresi ndi mayunifomu, palibe ndi mmodzi yemwe anabweza chovala.

Lolemba ndinafika kushopu, n'kukhala pamalo panga, n'kuyamba kupalasa. Gudumu la pansi likuzungulira, singano ili duu. Kuyang'ana, lamba palibe. Mlamu wathu, mkazi wa achimwene, amene ndinamuphunzitsa ndekha kulowetsa ulusi pasingano, anali atamupachika pamsomali pamwamba pa chitseko. Pafupi ndi khomo anandiikira mpando ndi chitini cha mabatani. Nditamufunsa, anayankha mokoma, makasitomala akumva:

"Pumulani, mlamu. Munthu woponda thonje sangapalase makina."

Thonje, Achemwali! Mawu amenewa ngakhale adokotala sindinawauze. Ndinauza inu nokha.

Ndikudziwa mudzati mumandichitira chifundo. Sindikubisirani, sabata yatha posamba ndinapeza phini ali m'chidendene, osadziwa kuti analowa liti. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinkafuna kukuimbirani kuti tithandizane nzeru, kaya ndizivala nsapato zopyapyala, kaya makinawo tiike mota. Koma inu munali mutandiweruza kale muli kutaliko, osandifunsa n'komwe. Lero makasitomala anga amandidutsa pakhomopo, kundilonjera mokweza ngati ndagontha, n'kukapereka nsalu kwa mlamu. Mayi uja ndakhala ndikumusokera kuyambira ali namwali anandisisita paphewa, akuti ndizipemphera. Ndinachita manyazi mpaka batani ndinalisokera chagada.

Dzulo lambayo ndinamukola ndi ndodo yoyezera nsalu. Ali m'chikwama changa. Mawa ndikamubwezeretsa, ndipo amene akufuna kumuchotsanso adzayambe wandichotsa ine pampandopo.

Lachinayi ndikubwerera kuchipatala kukayezetsa magazi, akuti mwina pali mavitamini amene akuperewera m'thupi. Ndipita ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Diresi ya mwana wanu wamkazi ndimaliza monga ndinalonjezera, ine ndikalonjeza ndimasunga. Mukaimba kufunsa zimene adokotala anena, ndidzakuyankhani kuti ndili bwino, monga ndimayankhira anthu ena onse.

Ine mng'ono wanu,
Telala