Batani la Ulusi Wofiira

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lija likumatupabe mukayenda ulendo wautali, kapena mankhwala aja anathandiza? Nanga chifuwa cha abambo chinaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira masiku atatu, koma chapita.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Foni ya pakhomopo imakhala m'manja mwa mng'ono wanga, ndipo nkhani ndili nayoyi ndi yokhudza iyeyo. Komanso mukundidziwa, pakamwa panga m'polemera. Ndamupatsira mwana wa azakhali kalatayi, ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu. Muiwerenge muli nokha.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali kojambula zithunzi kuja. M'mawa ndimasesa, kupukuta fumbi ndi kutchaja mabatire a kamera. Tsopano abwana ayamba kundilola kupukuta magalasi a kamera ndi kansalu kakekake kofewa. Akuti ndisamagwirepo ndi chala, ngakhale kupumirapo. Muli nyali ziwiri zazikulu zokhala ndi maambulera oyera, moti tsiku loyamba ndinkayang'ana kudenga kuti mwina pamadontha. Sabata yatha ndinapunthwa pa chitsulo cha miyendo itatu chimene amakhazikapo kamera. Kamera inapendama, abwana n'kuiwakha isanafike pansi. Sanandikalipire, anangondiyang'ana nthawi yaitali. Bola akanandikalipira.

Kuti mumvetse zimene ndikufuna kunena, ndiyambe ndakuuzani mmene zithunzi zina zimapangidwira kuno. Kuseri kwa chitseko kumapachikidwa zovala zobwereketsa: majekete atatu, mataye, madiresi angapo. M'kabati muli wotchi yapamkono yakufa. Zovalazi amachapa ndi kusita ndine. Munthu akabwera amavala zimenezi n'kuima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, abwana n'kumujambula. Kenako chithunzicho chimapita kwa mkulu wina amene amakhala pa kompyuta, tonse timangowatchula kuti a Magalasi. Iwowo amachotsa nsalu ija n'kuika kumbuyo kwa munthuyo chimene wasankha. Mu kompyutamo muli nyumba khumi ndi ziwiri, iliyonse ndi nambala yake. Amachotsanso ziphuphu, kuyeretsa mano, ngakhale kuphwetsa mimba. Amakonda kudzitama kuti amanga nyumba zambiri kuposa mmisiri aliyense m'tauni muno, koma sanagulepo thumba la simenti.

Tsopano nkhani ndi iyi. Mng'ono wanga wanditumizira pa foni chithunzi cha bambo amene akumufunsira aja, chomwe akuti mwaika pamwamba pa kabati. Anandiuza mosangalala kuti bambowo amakhala tauni yomwe ino, nyumba ili pachithunzipo ndi yawo, galimoto ndi yawonso, ndipo adzamutenga kumapeto kwa mwezi kuti akaione nyumbayo za ukwati zisanayambe. Poyamba nane ndinasangalala. Kenako ndinachikulitsa chithunzicho ndi zala, chisangalalo chonse chinathera pomwepo.

Amayi, jekete lotuwa limene avalalo ndimalidziwa ngati chikhatho changa. Yang'anani batani lapakati. Ena onse anasokedwa ndi ulusi wakuda, koma limenelo lili ndi ulusi wofiira. Ndinasoka ndine.

Ndikukumbuka tsiku lake, inali miyezi iwiri yapitayo. Kunabwera bambo a mapewa akuluakulu, jekete n'kuwathina. Abwana anawauza kuti angolisiya lotsegula, iwo anakakamira kulimanga. Atapuma mwamphamvu batani linathothoka n'kugubudukira pansi pa benchi. Ulusi wakuda unali utatha, ndiye ndinasoka ndi umene unalipo, iwo ataima pomwepo kundifulumizitsa. Nkhope yawo sindinaiyang'anitsitse, mukudziwa kuti ine maso amakhala pansi. Koma mapewawo ndi omwewo, ndi kachipsera ka pa chala chachikulu, chifukwa dzanja lawo linali pafupi ndi maso anga.

Nyumba ya geti labuluu ili kumbuyo kwawoyo ndi nambala seveni. Ndaiona kumbuyo kwa anthu osawerengeka, ndi galimoto yoyera yomweyo, itaima malo omwewo. Yang'ananinso pansi. Galimoto ili ndi mthunzi, mtengo uli ndi mthunzi, koma bambowo alibe. Nsapato zawo zikungokhala ngati sizinaponde dothi.

Pali chinanso chimene chikundisowetsa mtendere. Tsiku limenelo sanabwere okha. Pa benchi panakhala mayi wina ndi kamwana kongoyamba kuyenda. Nyali zija zimatentha, ndiye bambowo atayamba thukuta mayiyo anadzuka n'kuwapukuta pamphumi ndi mpango wake, n'kuwakonzera kolala. Sanapemphe, ndipo iwo sanathokoze. Anachita ngati anthu ozolowerana. Kamwana kaja kanathamangira miyendo yawo kakuti ababa, iwo n'kukakankhira pambali kuti kangadetse thalauza. Abwana anafunsa ngati ajambule banja lonse pamodzi. Bambowo anakana msanga, anati chithunzichi n'chofunsira ntchito.

Sindikufuna kumunamizira munthu. Ndakhala ndikudzitsutsa ndekha. Mayi uja akhoza kukhala mlongo wawo. Ana aang'ono amatchula ababa mwamuna aliyense wovala thalauza. Ndiponso si onse obwereka jekete amene ali ndi mtima woipa. Kumabwera alonda, onyamula katundu, atsikana a m'nyumba, anthu ofatsa amene amangofuna kuti makolo awo asamadandaule. Koma munthu wofunsira ntchito amaima kutsogolo kwa galimoto chifukwa chiyani? Nanga chithunzi cha ntchito chinapezeka bwanji pa kabati yanu? Ndipo ngati nyumba nambala seveni ili mu kompyuta mokha, mng'ono wangayo akufuna kupita naye kuti?

Ndinalimba mtima n'kuwapempha a Magalasi kuti anditsegulire zithunzi za tsiku lija. Anayamba kundiseka, akuti kodi ine Kachete ndayamba liti kusirira makasitomala, ndinene msanga andiikire chophimba kumutu cha ukwati pa kompyuta. Kenako anakana, anati zithunzi za kasitomala ndi chinsinsi, abwana atamva onse awiri tikhoza kuona msana wa njira. Ndiye ndinangowaonetsa foni yanga. Anakankhira magalasi awo pamphuno, anayang'ana kanthawi, kuseka kuja kunatha. Anangoti, “Apa mthunzi ndinaiwala.” Atafunsa kuti chithunzichi ndachitenga kuti, ndinawauza kuti kwa mng'ono wanga. Anabwerera pa kompyuta yawo, ndipo tsiku lonselo sanachitenso nthabwala.

Abwana sindinawauze zonse. Ndinangowafunsa mozungulira ngati sizimawavuta mumtima anthu akamanamiza anzawo ndi zithunzi zathu. Anati iwo amagulitsa chimene munthu wapempha, zimene akanene akatuluka pakhomo ndi zake. Anati wosula mpeni safunsa kuti ukadula chiyani. Mwina akunena zoona, koma batani lija ndinasoka ndi manja angawa.

Mng'ono wanga ndinayesa kumufunsa pa foni ngati pali wina amene anaionapo nyumbayo ndi maso. Sindinamalize n'komwe kufunsako. Anapsa mtima, anati ndi nsanje chifukwa iye wapeza banja ine mkulu wake ndisanapeze. Anati ndizisesa situdiyo yangayo, za iye zisandikhudze, n'kudula foni. Ndinalira, sindibisa. Ndikudziwa kuti mwina nanunso mukhoza kuganiza chomwecho, poti bambowo akafika pakhomopo amayankhula bwino, pamene ine ndilibe mawu okoma. N'chifukwa chake ndikuuzani chinthu chimene ndinkafuna musadzachidziwe.

Chithunzi changa chija chili pakhoma, chimene ndinatumiza chaka chatha, chimene mumaonetsa alendo. Ndavala diresi lachikasu, ndakhala pa mpando wofewa, kumbuyo kuli makatani aatali ndi kabati ya magalasi. Ndinalemba kuseri kwake kuti kumeneko ndi kumene ndimakhala. Amayi, ndinakunamizani. Diresilo ndi la kuseri kwa chitseko. Chipindacho anaika ndi a Magalasi. Kumene ndimagona ndi kachipinda kamodzi, matiresi ali pansi, zenera linasweka mbali imodzi ndinatseka ndi katoni. Si koipa, n'koyera, ndipo eni nyumba ndi anthu abwino. Koma si kuja. Ndinkaopa kuti mukadziwa mudzati ndibwerere, komanso ndinkafuna kuti ine amene ndinalekera sukulu panjira mundinyadireko kamodzi.

Ndakuuzani izi kuti mukhale ndi umboni umene simukufunika kukhulupirira mawu anga. Tsitsani chithunzi changacho, muchiike pambali pa cha bambowo, pamalo owala. Yang'anani pamkono panga, kenako pamkono pawo. Wotchi ndi imodzi. Lamba wake ndi wofiirira, galasi lili ndi mng'alu pakona. Muvi waufupi uli pa 9, wautali uli pa 2, konse kuwiri. Ine ndinajambulitsa chaka chatha, iwo chaka chino, koma nthawi ndi yomweyo. Wotchi imeneyo ndimaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo chibwerereni kuno sinayendepo.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musamulole mng'ono wanga kukwera basi ndi bambowo kumapeto kwa mwezi uno. Musakangane nawo, ndipo musawauze za jekete, angasinthe nkhani. Mungowauza mwaulemu kuti mkulu wake wa mtsikanayu amakhala tauni yomweyo, apereke njira ya kunyumba kwawo kuti iye ayambe wakafikako. Ngati geti labuluulo lilipo, ndidzapita ndekha kukagogoda, ndipo ndidzagwada pamaso pawo ndi pa mng'ono wanga kupepesa. Ngati ayamba kuzembazemba, mudzadziwa nokha. Munkatiuza tili ana kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikungopempha kudekha kumeneko, milungu iwiri yokha. Abwana andilonjeza masiku awiri mwezi wamawa, ndidzabwera tidzakambirane maso ndi maso.

Abambo muwauze inuyo mmene mungaonere, mukudziwa mtima wawo. Mng'ono wanga akadziwa kuti ndalemba ndine, adzandida. Palibe kanthu. Ndi bwino andide ali pakhomo panu.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze asamaiwale kuvala juzi m'mawa. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana awo onse, makamaka kakhanda kamene sindinakaonebe. Moni kwa azakhali, muwathokoze pondibwereka mwana wawo kuti anyamule kalatayi. Amalume muwauze kuti sindinawaiwale. Mng'ono wanga mumupatse moni wanga ngakhale aukane.

Chithunzi changa chija mukachitsitsa, musachibwezerenso pakhoma. Ndikubweretserani china. Dzulo ndinawapempha abwana kuti andijambule ndi zovala zanga zantchito, tsache lili m'manja. A Magalasi anafunsa kuti aike nyumba nambala chani kumbuyo. Ndinawauza kuti asiye nsalu yobiriwirayo mmene ilili.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wamkazi woyamba,
Kachete