Galu Wanu Sakudyabe Pakhomo

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, kutentha kokha kwayamba msanga chaka chino.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Dorofe anachira Lachinayi, sabata yoyamba ya Ogasiti, ku Matandani. Mwana ndi wamkazi, makutu ndi anu enieni, atero amene amuona. Ine sindinapiteko.

Dimba lanu la kutsidya kwa Shire silinagone. Matimati ndathyola madengu asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri anandithandiza anyani tsiku limene ndinachedwa kuwoloka. Bwato linayamba kuchucha kumbuyo, ndamata ndi phula ndi nsanza monga munkachitira. Ndimalisiya m'madzi, paja munkati likagona padzuwa sabata imodzi ndiye nkhuni basi.

Nkhani yaikulu ndi ya Tayiga, galu wanu.

Kuchipatala kuja, tsiku lanu lomaliza, simunanene za dimba, simunanene za bwato. Munangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Feliya, Tayiga asafe ndi njala." Ndinavomera msanga. Ndinkati n'chaching'ono, mkute ulipo tsiku lililonse. Ndinaiwala kuti galuyu chibadwire simunamupatsepo chakudya pakhomo. Munkamudyetsera kudimba kokha, pansi pa mtengo wa mango, kuti mtima wake uzikhala kumene kuli mbewu, azithamangitsa anyani.

Tsopano bambo a Chisomo anapeza khonde ku boma, aikapo makina awo osokera, achita lendi zipinda ziwiri. Chisomo anamutenga mu Januwale kuti aziphunzira konko. Lamlungu lapitali anaimba foni, akuti, "Mayi a Chisomo, kodi ine ndinakwatira inu kapena galu? Mvula ikagwa muli komweko, musadzandifunse kuti amene akundiphikirayu ndani." Anaseka, koma sikunali kuseka. Kenako Chisomo analanda foni n'kundiuza kuti wathothoka dzino, ndipo amene anamuzula ndi mayi oyandikana nawo.

Ndiye ndinayesa, amayi, musakwiye. Ndinati ngati galuyu angadye pakhomo, angadyenso ku boma. Lolemba sindinawoloke. Ndinamuikira mkute pakhonde, ndinathiramo ndi msuzi wa usipa. Ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kutsetsereka kudooko kukagona m'bwato, malo anu aja. Lachiwiri chimodzimodzi, mkute anadya nkhuku. Lachitatu m'mawa ndinamupeza momwemo, mimba italowa, mchira wokha ukugunda pansi pang'onopang'ono. Ndinatenga nkhafi. Titangofika pa mango paja anadya mpaka kunyambita mwala.

Amalume akuti ndiwasiyire zonse, dimba adzalamo nzimbe. Za galu akuti, "Njala ikamuwawa adya yekha." Iwo sanamuone Lachitatu lija. Komanso Tayiga sakwera bwato wopalasa ali wina.

Ndiye moyo wanga ndi umenewu. Galu sadya popanda dimba, kudimba sikufikika popanda bwato, bwato silidikira munthu. Ndikaweruka kuthirira ndimaima ndi keni m'manja kuyang'ana mapiri a ku boma.

Pali chimene ndikufuna kukufunsani. Nditasiya sukulu Sitandade 6 munandipatsa bedi langa la mpiru. Chimanga chootcha, nzimbe, mawu okoma, zonse munkandipatsira kutsidya. Pakhomo munali munthu wa ntchito zokhazokha. Dorofe simunkamutenga, munkati amaopa madzi, ndipo lero ali kwa mwamuna wake. Mwezi wa Meyi ndinakagona ku boma usiku umodzi, bambo a Chisomo anagula nyama, koma chakudya chinandikanika. Kodi amayi, nanenso munandilera ngati Tayiga? Munkadziwa?

Sindikukudandaulani. Mawu anu ndiwasunga, Tayiga sadzafa ndi njala. Mawa m'mawa tiwoloka monga mwa masiku onse. Kukamwa kwake kwayamba imvi, ndipo mundikhululukire, ndimaziyang'ana kawirikawiri. Mitambo nayonso ndimaiyang'ana.

Ndimakukondani, amayi.

Ine mwana wanu,
Feliya