Malalanje m'chikwama cha Tadala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni komweko. Kuno ku Chimwankhunda tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Digiri yatopa kugona m'sutikesi, ndiye ndayamba kukonzera achinyamata maulendo okaona nyama kupaki. Gulu loyamba lanyamuka m'mawa uno, mlongo wathu Tadala ali momwemo. Ine ndinatsala kusaka makasitomala ena. Zipinda za kuloji n'zodula, choncho akagona m'matenti mphepete mwa mtsinje. Oyang'anira pakiyo anandichenjeza kuti chipatso chisalowe m'tenti, chifukwa njovu ikamva fungo imang'amba. Anandionetsa tenti ina ili nsanzansanza.

Onse ndinawaletsa kutenga zipatso. Koma masana ano amayi andiuza akumwetulira, "Mwana wanga sayenda wopanda kamba. Anakana, ndiye ndamubisira malalanje pansi pa zovala."

Kupakiko netiweki kulibe. Foni ya Tadala sikugwira, ya dalaivala chimodzimodzi. Ndikulemba ndili m'minibasi ku Limbe, ulendo wa kupakiko. Ikuchedwa kudzaza, ndipo dzuwa lapendeka kale.

Chonde amayi musawauze, akungosangalala kuti mwana wawo sagona ndi njala. Mundipempherere ndikafike kusanade. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi