Amayi agwira tepi

Lachinayi, madzulo

Lero mtima sunakhale m'malo. Anthu awiri a ku banki anabwera kudzayeza nyumba ino, yomwe ndinamangira amayi kuno ku Mwenilondo. Mapepala ake ndinapereka ngati chikole kuti mng'ono wanga Lusekelo atenge ngongole yolimira mpunga ku Kaporo. Mpunga unapita ndi madzi, iye foni sakuyankha. Akapanda kubweza mwezi uno, nyumba igulitsidwa.

Amayi sakudziwa kalikonse. Ataona alendo anawaphikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama. Wamkuluyo, munthu wa ku Zomba, anadya nthochizo mwamanyazi, kenako anati, "Achimwene, auzenitu mayiwa chomwe tabwerera. Asadzadzidzimuke tsiku logulitsa."

Chichewa amayi amachimva patalipatali. Anandifunsa m'Chinkhonde kuti mlendo akuti chiyani. Ndinawauza kuti akuyamika chakudya, ndipo akuyeza kuti tiwonjezere chipinda.

Anasangalala kwambiri. Anadzuka n'kukagwira okha nsonga ya tepi, uku akunena kuti chipindacho chidzakhala cha Lusekelo akadzakwatira. Mlendo uja anangondiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Wophunzira pabanja pano ndine. Pepala la ngongoleyo ndinaliwerenga lonse, ndime yogulitsa nyumba ndinaiona ndi maso angawa, koma ndinasaina chifukwa choopa kuti abale aziti sukulu yandipatsa matama.

Pano amayi ali kuseri, akuzula nthochi zawo kuti omanga adzapeze malo. Andiitana kawiri kuti ndibwere ndi khasu. Ndituluka. Koma ndikafika pomwe aimapo, sindikudziwa ngati ndikalankhule kapena ndikangoyamba kukumba.