Ndiwo Zopanda Mchere

3 Junho 1986

Amuna anga, abambo a Mário, agwa m'munda wa kachewere lero m'mawa. Sanakomoke. Anangokhala pamzere atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, kunja kuli chisanu chonsechi. Ndinawakweza panjinga, ine n'kumakankha mpaka ku posto, kachipatala kathu.

Enfermeiro Policarpo, namwino wa pamenepo, wawamanga lamba pamkono n'kupopa. Chopimira chasonyeza 19 pa 11. Akuti munthu wabwinobwino amakhala 12 pa 8. Matendawa akuti ndi tensão, magazi kuyenda mopanikizika m'mitsempha. Akuti mtima wawo uli ngati munthu wokankha njinga ya katundu pachitunda osapumako. Umakula, umatopa, madzi n'kuyamba kudzaza m'miyendo, ndipo tsiku lina umangoima. Miyendoyo inatupa kale. Ine wopusa ndimayesa kunenepa.

Mapiritsi a mwezi umodzi. Fodya ayi, kachasu ayi, bakayawo ayi, mchere ayi. Mawu a Policarpo akundizungulirabe m'mutu: "Mayi, mankhwala akadzatha, chotsala ndi dzanja lanu pamphika."

Mwana wathu Mário ali ku usilikali, kalata palibe chiyambire chaka. Awanso andisiye? Ndikuopa.

8 Junho

Nyemba zopanda mchere, tsiku lachisanu. Ndikuthira tomato, anyezi, nsinjiro, chilichonse choti chinamize lilime. Amuna anga akuti zikukoma ngati dothi. Dzulo anati, "Nkhondo inandilanda mwana, inu mwandilanda mchere." Ndinawayankha kuti adandaule ali moyo, ndimva.

Inenso ndikudya zomwezo. Zoonadi sizikoma.

Fodya ndabisa m'nkhokwe.

15 Junho

Alamu Efigénia, alongo awo aakulu a amuna anga, afika kuchokera ku Domwe. Kwawo kwatenthedwa. Azikhala nafe, ndipo ndawalandira ndi mtima wonse.

Abweretsa mphatso: mchere wa ku Dedza womanga pakansalu, wolowera pamalire a Kalomwe. Masiku ano m'maloja, masitolo akunowa, mulibe kanthu, anthu akuyenda masiku awiri chifukwa cha mchere wodzaza dzanja. Ndathokoza, ndaika pamwamba.

Pakudya alawa nkhwani. Andiyang'ana ine, ayang'ana mapazi a mlongo wawo, andiyang'ananso ine. Ndawafotokozera za tensão. Angopitiriza kudya. Bola akanakalipa.

21 Junho

Kuchitsime ndikafika nkhani zimatha. Lero Anastácia, mnzanga wa kukwaya, wandikokera pambali n'kundiuza.

Akuti ndi mdulo. Akuti mkazi woyenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo amadula mwamuna wake, miyendo n'kutupa, chifuwa n'kupweteka. Ndiye akuti ine ndinawadula kale, tsopano mantha andigwira, n'chifukwa chake sindikhudzanso mchere. Mwamuna winayo akuti ndi Policarpo, popeza Lachiwiri lililonse ndimapita ku posto. Oyambitsa nkhaniyi ndi alamu anga, amene akugona pamphasa yanga.

Ine Sesilia, zaka 47, imvi mbali zonse, wophunzira kusukulu ya mishoni ku Fonte Boa. Ndinaseka. Pobwerera ndinatula ndowa panjira n'kulira.

M'banja lawoli si kuyamba. Abambo a amuna anga ndi Efigénia anagwa m'munda kale nthawi ya Apwitikizi, miyendo yotupa chimodzimodzi, n'kumwalira. Mlandu unagwera amayi awo. Anawathamangitsa pamudzi, n'kukafera kwawo. Efigénia anali namwali wamkulu nthawi imeneyo, ndipo ngakhale kumaliro a amayi akewo sanapite. Mpaka lero dzina lawo salitchula.

29 Junho

Ndawapeza kuseri kwa khola, alamu akuthira mchere m'dzanja la mlongo wawo, iwo n'kumanyambita ngati mbuzi. Kuyambira liti, sindikudziwa. Lachiwiri lapitali inali 20 pa 12, ine n'kumadabwa. Mpweya ukuwaperewera, kuchoka pakhonde kufika pachimbudzi apuma kawiri.

Ndakalipa mpaka mawu kusasa. Alamu angoti, "Mlongo wanga si mkaidi."

Mapiritsi atsala anayi. Ku posto kulibe ena, msewu wa ku Tete ngwotseka, koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, siinabwere.

Chondipweteka kwambiri ndi china. Madzulo ano abambo a Mário andifunsa, maso ali pansi, "Kodi Lachiwiri lija lomwe ine sindinapite nawo, munachedweranji?" Ndinali pamzere kuwapemphera mapiritsi omwewo. Zaka 27 za ukwati.

6 Julho

Lamulungu. Titabwera ku misa ndapeza alamu aitana akuluakulu awiri a kubanja kwawo. Mphika wa nkhwani uli pamafuwa, pambali kambale ka mchere. Alamu anati, "Ngati muli woyera, thirani ndi dzanja lanu, tonse tikuona."

Ndinatapa. Kungotambasula zala basi, dzina langa likanayera kuchitsime ndi kutchalitchi komwe. Mchere wa tsiku limodzi sukanawapha, ndikudziwa. Koma ndikathira lero, mawa ndikana bwanji? Mkuja? Tsiku lililonse lomwe ndidzasiye adzati wayambiranso. Ndipo mapiritsi anatha Lachinayi.

Ndinaubweza m'kambale. Ndinati anditchule dzina lililonse lomwe akufuna, koma mphika uwu ayi.

Mkulu mmodzi anapukusa mutu. Ndinapakula, n'kugwada, n'kuwaikira amuna anga mbale patsogolo, mtima uli m'malere. Anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako anasamba m'manja n'kudya. Anthu amene mwezi wonse akhala akutukwana ndiwo zanga lero anaseteka mbale n'kupempha zina. Mawu awo anali awa okha: "Mkazi uyu anandikankha panjinga mpaka ku posto. Wofuna ndife akanandisiya m'munda."

Akuluakulu apita osatsanzika. Alamu sakundilankhula. Anastácia akuti ndiyambe ndapumako kukwaya mpaka nkhani izizire.

19 Julho

Masabata awiri osalemba. Mfuti zikumveka kuseri kwa phiri, mabanja atatu apita kale ku Malawi. Posto yatsekedwa.

Policarpo wabwera kudzatsanzika, akuwolokera ku Dedza. Nditamuona pachipata ndinachita mantha, poti alamu anali pakhonde pomwepo. Chopimira chija anachibisa m'thumba la kachewere. Watisiyira mapiritsi 14, omaliza, amene anawapeza pansi pa kabati potseka.

Wawapima amuna anga. 16 pa 10, popanda mankhwala masabata awiri! Miyendo yaphwerako, nsapato za ku misa zikulowa. Akuti mtima sudzabwerera mwakale, koma wapeza popumira. Tisasiye, ndipo aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ndinathawira kukhitchini kuti asandione nkhope.

Ndili komweko ndinamva abambo a Mário akuti, "Pimaninso alongo angawa, mutu wa kunkhongo suwasiya." Alamu anakana kawiri, kachitatu anapereka mkono. 21 pa 12.

Policarpo anafunsa ngati m'banjamo munafapo munthu mwadzidzidzi, wotupa miyendo, wodandaula pachifuwa. Iye sadziwa kanthu za kale lija, anangopitiriza kuti matendawa amayenda m'magazi a banja, kholo limasiyira ana, ndipo munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri osadziwa mpaka mtima utagonja.

Alamu sanadye.

20 Julho

Odwala awiri, mapiritsi 14. Ndiwagawa bwanji? Nanga tikauzidwa kuti tithawe, mtima wa amuna anga ukafika ku Kalomwe wapansi? Mutu wanga sukugwira.

Nyemba ndateleka mumphika umodzi, za tonse atatu.

Alamu alowa kukhitchini ndikusonkha moto. Akhala pansi, paphulusa penipeni. Atulutsa kansalu ka mchere kaja m'chilundu n'kundiikira pamwendo, akuti ndikasinthitse ndi nyemba. Sanapepese, inenso sindinadikire zimenezo.

Atafika pakhomo anatembenuka. Anati, "Ndiye amayi aja tinawathamangitsa aja..."

Sanamalize. Ali kuseri kwa nkhokwe mpaka pano, ndikuwamva akuitana amayi awo.