Foni ya Paida Yapita Kumaliro

Kuwadzana, Harare
Seputembala 2021

Wokondedwa mlongo wanga Albert,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko ndipo matendawa akukulambalala. Kuno tikudzuka. Bambo ali ndi mphamvu, mwinanso zopitirira muyeso. Kalatayi ndapatsira a Jaime oyendetsa thiraki, chifukwa uthenga wa pafoni umangouyankha ndi kachala koloza kumwamba.

Uphunzitsi watisandutsa amisala. Kalasi yanga ya Fomu 4 anaigawa pawiri: ena amabwera kusukulu, ena amaphunzirira kunyumba pa Watsapu, sabata ikatha n'kusinthana. Ndiye ndimaima pabolodi, masiki kukamwa, choko dzanja ili, foni dzanja linali, kukuwira amene ndikuwaona kwinaku ndikujambulira mawu amene sindikuwaona. Magetsi akathima ndiye basi. Pofika kunyumba mawu amakhala atasasa.

Zonsezo ndipirira. Chandilembetsa kalata ndi mwana wako Paida, amene ali m'kalasi mwangamo.

Foni ija unatumiza kuti aziphunzirira inafika. Koma iwenso Albert! Pakatoni unalemba dzina la bambo, monga timachitira kuti katundu alowere kwa wamkulu. Mwambo unausunga, koma sunanene kuti foniyo ndi ya ndani. Bambo anailandira ndi manja awiri, anaipempherera, n'kuiponya m'thumba la jekete. Mpaka lero imagona momwemo.

Ine osadziwa, nambalayo ndinailowetsa m'gulu la kalasi. Lolemba lina ndili pakati pa masamu, tangomva mawu a bambo m'gulumo. Akupereka moni kwa ana onse, kufunsa ngati makolo awo adzuka bwino, kenaka kulengeza msonkhano wa bungwe lathu la maliro. Ana anaseka mpaka masiki kugwa. Pano Paida amamuitana kuti Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, ndipo mwana amayenda chozolika.

Ndikamufunsa ntchito imene ndinatumiza, amandiyankha kuti foni yapita kumaliro. Sanama ayi. Ukudziwa kuti bambo ndi mkulu m'bungwemo, ndipo masiku ano maliro sakupuma.

Lamlungu ndinakwera kombi kupita kwa bambo ku Highfield, nditakonzeka kuilankhula nkhaniyi. Ndinagwada, ndinayamba kuizungulira patali. Ndisanafike n'komwe, bambo anatulutsa foni ija n'kuipukuta ndi mpango. Akuti anathera mphamvu zawo m'mafakitale a ku Graniteside kuti ife tiphunzire, ndipo tsopano pamene anzawo akuwaika m'manda mmodzimmodzi, mwana wawo wamwamuna wawakumbukira. Akuti pa msika wa Machipisa palibe amene sanaione.

Ndinangotsanzika n'kubwerera kwathu, Albert. Ukanakhala iwe ukanatani? Ine ndani kuti ndipise dzanja m'thumba la bambo?

Paida nayenso sangawapemphe. Sabata iliyonse ya kunyumba imangomudutsa, chikhalirecho mayeso ali pakhomo. Dzulo anatsalira anzake atatuluka, n'kundiuza m'Chishona chakecho kuti Tete, kutanthauza azakhali, bola angosiya, azikathandiza mai Evelyn oyandikana nawo kugulitsa tomato. Mwana amene masamu amaposa kalasi yonse! Ndinamukalipira, kenaka ndinakalirira kuseri kwa ofesi. Zandikwana.

Mfundoyi unamanga ndiwe, umasule wekha. Amene anatumiza mphatso ndi yekhayo angailankhulire. Lamlungu likubwerali masana ndikhala ndili kwa bambo, undiimbire pa foni yanga, ndiwapatsira. Usakawauze kuti si yawo, ungawaphe ndi manyazi. Ukawapemphe mwaulemu kuti foni yawoyo azimubwereka mdzukulu wawo m'mawa uliwonse, kumaliro izipita masana. Zikachokera kwa iwe adzavomera, adzanyadiranso kuti akuphunzitsa mdzukulu.

Ukangonditumizira kachala kaja, Paida salemba mayeso, ndipo udzandimva.

Upereke moni kwa mlamu Natalia, umuuze kuti mwana wake wawonda ndi maganizo. Ambuye akusungeni nonse, ndipo masiki muzivala.

Ndine mlongo wako,
Melina

Ndikanaiwala: usayerekeze kumutumizira Paida mawu omulimbitsa mtima pa foni ija. Amene unatumiza mwezi watha, onena kuti mwana wanga limbikira, bambo anawamvera katatu. Akuti sakudziwa kuti unayamba liti kuwatchula mwana wako, koma alimbikira.