Malume, Kwatsala Masiku Makumi Awiri

Cannington, Perth
Lachiwiri, 3 Ogasiti 2021

Malume Yosefe,

Ndikuopa kuti andikweza ndege kundibweza ku Malawi, Chiko n'kutsala kuno. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, woyamwa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mukanaona moni poyamba mukanaika kalatayi pambali kuti muwerenga mukaweruka.

Kaya muli bwanji ku Adelaide kumeneko? Anti Rosebell ali bwanji, bondo lija linasiya? Ife m'thupi tili bwino, kungoti Chiko akumera mano ndiye akulira kwambiri. Kuno kukuzizira ndipo mvula siikukata.

Malume, ndakhala ndikukunamizani. Lamulungu lililonse mukaimba ndinkati tili bwino, bambo a Chiko ali kumgodi. Kumgodi amapitadi, milungu iwiri uko, umodzi kuno, koma mlungu wakunowo sagonanso pakhomo pano. Anandiuza pa Pasaka kuti banja latha. Sanakalipe. Anangonena akumanga zingwe za nsapato, ngati akunena kuti shuga watha.

Ine ndinkati ndi mkwiyo chabe, ziphwa. Kenako foni yanga anaidula. Mlungu wathawu ndinapita kushopu yaikulu ya kuno ku Cannington kukagula matewera ndi sopo, khadi ya kubanki n'kukana. Mtsikana wa pamakina anayesa katatu. Ndinabweza katundu mmodzimmodzi, anthu atandandalika kumbuyo kwanga motalikirana ngati mmene akuimira masiku ano, ndiye aliyense amaona bwinobwino. Eni nyumba nawo atumiza pepala loti mwezi uno ukatha tituluke, chifukwa bambo a Chiko anawauza kuti sapitiriza kulipira lendi.

Pa 26 Julaye kunabwera kalata ya a imigireshoni. Chingerezi chake si chija cha sitandade sikisi chomwe ndinalekezera ine. Ndinapita nayo kwa Mwangala, mayi wa ku Zambia wa khomo loyandikana nafe, amene amasamalira okalamba ku Midland. Ndi yemweyo ajambule kalata yanga ino pa foni yake n'kukutumizirani. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Akuti bambo a Chiko anawalembera a boma kuti sitilinso limodzi ndipo achotsa dzina lawo pa viza yanga. Andipatsa masiku 28 kuti ndiyankhe. Tsiku lomaliza ndi pa 23 mwezi uno.

Mukukumbuka pepala lija bambo a Chiko anasaina pondiitana kuno? Inunso munalemba umboni wanu. Analonjeza boma kuti adzandipatsa pogona ndi chakudya kwa zaka ziwiri. Ine ndinafika mu Febuluwale chaka chatha, matendawa atatsala pang'ono kutseka chilichonse. Zaka ziwirizo sizinakwane. Nditawakumbutsa, anati pepalalo anasainira mkazi wawo, tsopano alibe mkazi, ndiye asunge ndani? Anati Chiko yekha ndiye wa dziko lino ngati iwo, amusamala okha, ine ndiyambe kulongedza.

Mwangala anandiimbira loya wa ulere. Masiku ano sakumana ndi anthu, n'zapafoni basi. Loya wamkaziyo amalankhula, Mwangala amandimasulira m'Chinyanja chake chija, Chiko akulira, ndiye sindinganene kuti ndinamva zonse. Ndinamva kuti kusaina anasainadi, koma kumukakamiza munthu kuti akwaniritse ndi nkhani ina yotenga nthawi. Ndinamvanso kuti poti tili ndi mwana, njira yoti ndikhale ikhoza kupezeka, bola ndiyankhe tsiku lisanadutse ndiponso ndi mapepala. Mapepala ake ndi pasipoti yanga, setifiketi ya ukwati ndi ya kubadwa kwa Chiko. Zonsezi anazitenga mu envelopu imodzi, zili kumgodi. Akuti ena tikhoza kuitanitsa atsopano, koma setifiketi ya ukwati ndi ya ku Lilongwe, ndipo inu mukudziwa mmene zinthu zikuyendera panopa.

Kenako loya uja anafunsa ngati ndinauzapo munthu aliyense za mmene tikukhalira. Apa ndi pamene ndinadziphera ndekha, Malume.

Mu Meyi, kusikelo ya ana, nesi anatseka chitseko n'kundifunsa mwakachetechete ngati kunyumba kuli mtendere, ngati ndili ndi ndalama zogulira zofunika, ngati pali amene amandiopseza. Anafunsa kawiri. Ine ndinamwetulira, ndinati zonse zili bwino, mwamuna wanga ndi munthu wabwino. Iye analemba momwemo. Ndikanatani? Alangizi aja ku Kawale anandikhazika pamphasa usiku wa chinkhoswe n'kundiuza kuti za m'nyumba sizidutsa pakhomo, mkazi woulula za mwamuna wake amadzivula yekha. Ndinagwira mawuwo ndi manja awiri.

Mauthenga onse amene bambo a Chiko ankanditumizira, ondinyoza kuti ndine mbuli, oti adzandisiya ndi njala mpaka ndipemphe ndekha tikiti, ndinkawafufuta ndikangowerenga. Ndinkati tikadzagwirizana ndisadzawapezenso m'foni n'kuyambanso kuwawidwa mtima. Mwangala atamva anagwira m'mutu. Anati iwe Ndaona, anzako amasunga umboni, iwe unali kusesa pabwalo pa munthu amene akukuthamangitsa. Anaseka, koma misozi inali m'maso.

Loweruka ndinawaimbira bambo a Chiko pa foni ya Mwangala kupempha envelopu ija yokha. Ndinawauza kuti ngati safuna kulankhula ndi ine, alankhule ndi inu pa foni. Yankho lawo ndikulemba mmene linalili:

"Ukwati uwu sitinamange pa foni. Nkhoswe wako abwere, tikhale pansi mwamwambo, mapepala ndipereka m'manja mwake. Kwa iwe ayi."

Ndipo anaseka, Malume. Akudziwa kuti muli kuseri kwa malire a zigawo za dziko lino, amene anatsekedwa chifukwa cha matendawa. Akudziwa kuti munthu wochokera kwanuko akalowa kuno amayamba wabindikira masiku 14. Pondisiya sanafune nkhoswe, anangolembera boma. Lero pa mapepala anga ndi pamene akumbukira mwambo.

Koma mawuwo anena okha, ndipo Mwangala anamva. Ine ndimawadziwa bambo a Chiko. Boma saliopa, ine sandiwerengera, koma pamaso panu sangathe kukweza mutu. Ndinu munalandira tambala ngati nkhoswe yanga tsiku la chinkhoswe lija. Ndinu munaimirira pamaso pa abale awo n'kunena kuti mwana wathuyu sitikugulitsa, akadzakukwanani mudzatibwezere masana, ali wathunthu ngati mmene mwamutengera. Anthu anaseka, bambo a Chiko anagwada n'kuvomera. Ine sindikupempha kuti muwabweze m'nyumba. Zimenezo ndasiya kulota. Ndikupempha kuti mudzawafunse, muli maso ndi maso, za pogona pathu mpaka zaka ziwiri zija zikwane, ndipo mudzalandire envelopu ija. Ndikapita ku Malawi popanda Chiko, sindibwerera wathunthu.

Ndawerenga masiku pa kalendala ya kusikelo mpaka yabooka. Bambo a Chiko abwera kuchokera kumgodi pa 17, abwererako pa 24. Inu mukakwera ndege Lachinayi likubwerali, pa 5, mutuluka m'chibindikiro pa 19. Titsala ndi masiku anayi. Mukadikira kuti mlungu uno uthe, muyambe mwapempha tchuthi mwaulemu, mudzatuluka chilichonse chitatha. Mwangala akuti chilolezo cholowera kuno amapempha pa foni, akuthandizani kulemba mukangomuimbira pa nambala imene yatumiza kalatayi. Ndikudziwa kuti ntchito yanu ikhoza kuvuta. Ndikudziwanso kuti ndikanalankhula pa Pasaka sizikanafika apa. Mudzandikalipire mukafika, ndidzamvera nditagwada.

Amayi kumudzi musawauze kaye, mukudziwa za kuthamanga kwa magazi kwawo kuja. Mundiperekere moni kwa Anti Rosebell, muwauze kuti chipewa anamulukira Chiko chija chikumukwana tsopano. Mulungu akusungeni ku matendawa.

Ndilibe wina kuno, Malume. Musandiyankhe ndi kalata, musanditumizire mawu olimbikitsa. Nyamukani Lachinayi. Bwerani.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Ndaona